Tsiku Limene Ndinakana Kutseka Mapempho a Amayi Akuchigayo

Kwathu ku Kasakula onse amadziwa kuti ntchito yanga yoyamba inatha chifukwa bizinesi inagwa. Ndine ndinawauza choncho. Bizinesi ija sinagwe ayi, ikuyendabe mpaka lero. Ndinachoka ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo, mwana ali kumsana.

Ntchitoyo anandipezera ndi malume. Ndinali nditakhala pakhomo chaka chathunthu ndi satifiketi ya zamakompyuta m'chikwama, mwana wanga Tadala akuyamwa, bambo ake atapita ku Joni n'kungoti zii. Malumewo ankadziwana ndi a Kamwendo, eni ake a vidiyo sho ina pa Madisi, ndipo anamva kuti akufuna munthu wodziwa makompyuta. Nditafika, a Kamwendo anayang'ana mwana kaye, satifiketi pambuyo. "Bola asamalire filimu ili mkati," anatero. Ndinayamba tsiku lomwelo.

Ambiri akamva vidiyo sho amangoganiza za mabenchi ndi TV. Zimenezo zinalipo, koma kuseri kunali kachipinda kanga. Munali kompyuta yakale yomwe sitinkaizimitsa, mahadi disiki odzaza mafilimu, rauta yofalitsa wayifayi yomangirira kudenga, komanso mabatire a sola ndi inveta yogwirira magetsi akathima. Kompyutayo ndiyo tinkaitcha seva. Munthu akalembetsa, ndinkamutsegulira akaunti n'kumupatsa pasiwedi, basi azionera pa foni yake paliponse pamene wayifayi yathu ikufika, osadya bandulo yake.

Vuto linali lakuti mafilimu ankasankha ndi a Kamwendo okha. Lolemba ankakwera minibasi ya ku Lilongwe ndi hadi disiki, n'kubwerako ndi zomwe iwo amakonda: zankhondo ndi zakarate, mwezi ndi mwezi. Ndiye ine ndinaika kapulogalamu ka mapempho. Munthu ankalemba dzina la filimu pa foni n'kudina batani. Pempholo likafika kwa ine ndinkaona kaye ngati filimuyo tilibe kale, kenako n'kuvomereza, a Kamwendo n'kukaifuna kutauni. Ikabwera ndinkaikopera mu seva, kuilemba dzina bwinobwino ndi kuyika magawo ake motsatana, foni ya wopemphayo n'kulira kuti yafika.

Chimene sitinaganizire n'chakuti wayifayi inkafika kuchigayo cha kuseri kwathu. Kuno mayi wapabanja salowa mu vidiyo sho. Akangoonedwa pakhomo pake, nkhani imakafika kumudzi iye asanafike. Koma pamzere wa chigayo palibe amakufunsa. Abambo ambiri ankawapatsira akazi awo foni kuti akalipirire chogayitsa, ndiye amayiwo ankakhala pamatumba a chimanga, mitu ili mulu pa foni imodzi. Atalitulukira batani lija, mapempho anayamba kugwa ngati matalala: masewero aataliatali a mabanja, a mitala, a apongozi ovuta. Osadziwa kulemba ankabwera pawindo langa lakuseri, ufa uli mbuu m'nsidze. "Amake Tadala, ija ya mwana wosinthidwa kuchipatala ija, mutifunsireko gawo lotsatira. Tasiyira poipa!"

Koma akauntizo zinali m'maina a amuna awo, poti foni ndi ya bambo. Ndipo ine ndinali nditakonza kuti filimu yatsopano ikafika, TV ya muholo izionetsa chithunzi chake ndi dzina la amene anaipempha. Ndinkati anthu azinyadira.

Loweruka lina, nyengo yogulitsa fodya, holo inadzaza ndi abambo odikira mpira. Pa TV panatuluka chithunzi cha mkwatibwi akulira, pansi pake palembedwa kuti opempha ndi a Chimphonda. A Chimphondawo anali mlimi wamkulu wa fodya, mwini zigafa zambiri, ndipo anali pabenchi lakutsogolo. Holo yonse inafa nalo phwete.

"Achimwene, kampango kopukutira misozi mwatenga?" wina anakuwa.

"Asiyeni inu! Akuyeserera kulira, mitengo ya fodya ikubwera!"

A Chimphonda anatulukira m'kachipinda kanga, a Kamwendo ali pambuyo pawo. "Mtsikana iwe, ukufuna kundiyalutsa ine?"

Ndinawauza kuti kuonetsa maina kunali kulakwitsa kwanga. Ndinapepesa, n'kuzichotsa pomwepo iwo akuona. Sanakhutire. Ankadziwa bwino amene amapita ndi foni yawo kuchigayo.

"Ndamutuma kukagayitsa, iye akukaitanitsa zinthu pa dzina langa? Mkazi amapempha kwa mwamuna wake, osati kwa makina."

A Kamwendo sankafuna kutaya kasitomala wotere fodya ali pamsika. "Amake Tadala, tsekani zopemphazi. Wofuna filimu azibwera kudzanena yekha muholo muno."

Muholo, momwe mayi sangaponde. Ndinamva bwino chimene akutanthauza. Ndinati njira ina ilipo, bwana: m'kati mwa akaunti imodzi bambo akhale ndi dzina lawo ndi pini yawo, mayinso chimodzimodzi, zopempha zisamasakanikirane.

A Chimphonda anaseka mwachipongwe. "Eti? Kuti azibisa bwino?"

Ndine munthu wamantha ine, Tadala akangotsokomola kamodzi maganizo anga amakhala ali kale kuchipatala. Nthawi imeneyo ndinkaganiza za phala lake, za eni nyumba, za nkhope ya malume. Koma ndinaganizanso za mayi Chimphonda. Ndinkawaona pawindo paja, zala zitada bii ndi kusoka fodya, fodya yemweyo amene anagula foniyo. Kuyambira kunazale mpaka kumabelo, chimene anadzipemphera okha chinali sewero limodzi la mkwatibwi wolira.

"Bwana, malo ake ndi awa," ndinaloza pa sikirini. "Mukachotsa kachizindikiro aka, palibe adzapemphenso. Seva ndi yanu. Koma chala changa sichidina."

"Ndinakulembani ntchito kuti muzidina zomwe ndanena."

"Ndiye dinani nokha."

Anandiyang'ana, anayang'ana a Chimphonda, kenako anagwira mawusi n'kudina. Ndinawasiyira mapasiwedi onse, sindinafufute ngakhale fayilo imodzi. Ndinabereka Tadala. Khomo lakuseri linali pafupi, koma ndinatulukira lakutsogolo, kudutsa pakati pa mabenchi, abambo onse akukoka miyendo kuti ndidutse.

Musaganize kuti kuchoka kwanga kunathandiza wina. Mapempho anatsekedwabe, amayi akuchigayo anabwerera kuonera zakarate kapena kungokhala. Ine ndinakakhala kwa msuweni wanga pa Dowa boma, kugulitsa mandasi pageti la chipatala, ndipo panali masiku amene Tadala ankamwa phala lopanda shuga ine n'kumadzitukwana mumtima.

Pano ndimayendera maloji ndi mashopu kuwaikira maseva otere. Ndisanatsegule akaunti ndimafunsa funso limodzi: foni iyi amaigwira ndi anthu angati? Aliyense ndimamupatsa dzina lake, pini yake ndi mwayi wake wopempha, ndipo dzina la munthu silionekera pagulu. Mwini malo akati zimenezo ayi, ndimakulunga zingwe zanga tisanayambe n'komwe. Ndinaphunzira kuti amene wagwira seva ndiye amasankha woti amvedwe, ndipo zimenezi ndi zoti mugwirizane tsiku loyamba, osati kasitomala atakwiya kale.

Tsono inu mwawerenganu, ndiuzeni. Mayi wa mwana woyamwa, wopanda womuthandiza, n'kutaya ntchito chifukwa cha sewero la anthu ena, ndinachita bwino? Mukati ndinapusa ndimva, mwina n'zoona. Koma mutandibwezera m'kachipinda kaja lero, a Kamwendo adzadinanso okha.