Satifiketi ya Adokotala a pa Chiringa

Amayi anasiya kumwa mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi chifukwa cha pepala la m'felemu. Chaka chimenecho ndinali Fomu 3, ndipo kusukulu anali atandibweza kale kawiri, ulendo woyamba chifukwa cha chule amene anapezeka m'chikwama cha aphunzitsi a Bayoloje. Ndanena izi kuti mudziwiretu kuti pakhomo pathu mawu anga sankamveka.

Mwini pepalalo anali bambo wina wogulitsa zitsamba amene ankabwera pa Chiringa tsiku lililonse la msika. Ankaika tebulo pansi pa mtengo, mabotolo a madzi odera ndandanda, chimkuzamawu cha batire pambali, iye atavala jekete loyera ngati la kuchipatala. Pakati pa mabotolo pankaima satifiketi yake, ya mzere wabuluu m'mbali ndi chidindo chofiira. Munthu akangoonetsa kukayika, ankagogoda galasi ndi chala. "Ine si wa m'tchire ayi. Ndinavomerezedwa. Onani chidindo."

Amayi anachionadi chidindocho, n'kugula mabotolo awiri. Adokotalawo anawauza kuti mankhwala awo sayenderana ndi a chipatala, asankhepo. Mapilitsi anakalowa m'chitini. Patatha milungu iwiri mutu unayamba, mapazi kutupa, ndipo tsiku lina tikupalira chinangwa anangokhala pansi mwadzidzidzi, akuti munda ukuzungulira.

Ine bamboyu sindinamukhulupirire chiyambire. Botolo limodzi lomwelo lochiza shuga, mphumu, kusabereka ndi mwamuna wothawa banja? Tsiku la msika ndinadziyesa wogula, n'kuwerama pa satifiketi ija ngati ndikusirira. Chingerezi chake sichinali chovuta. Pepalalo linkati mwini wake anakhala nawo pa maphunziro a masiku awiri a kaumbidwe ka mbaula zosatha nkhuni. Mbaula! Linachokera ku bungwe lomwe lija limene linabwera kwathu madzi atasefukira, n'kuphunzitsa anthu ichi ndi icho, aliyense kumupatsa pepala lake.

Ndinathamangira kunyumba kukanena.

"Iwe wa chule uja?" anatero amayi. "Sukulu yangokupatsa mwano. Boma lingadinde pepala la munthu wabodza?"

"Si boma, amayi."

"Chidindo ndi chidindo. Choka apa."

Apo ndinakumbukira kuti nawonso ali ndi satifiketi yawo, ya kawetedwe ka mbuzi. Bungwe lomwelo, mzere wabuluu womwewo, imagona m'sutikesi, ndipo ili ndi banga pakona pamene denga linadonthera. Amayi Chingerezi sawerenga, koma dzina lawo amalizindikira ngakhale mutalizondotsa.

Tsiku la msika lotsatira ndinaiika m'kope n'kulawirira. Cha m'ma leveni adokotala anapita kukatchajitsa batire, tebulo n'kusiyira mayi wa nandolo pafupi, amene anali kalikiliki kukangana ndi wogula. Felemuyo kumbuyo inkagwira ndi timisomali tinayi topinda. Sindinachedwe. Ya mbaula inalowa m'kope, ya mbuzi m'galasi.

Nditabwerera kunyumba masana, amayi ankafuna botolo lachitatu, ndipo ndinadzipereka kuwakweza panjinga. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanakwere.

Titafika ndinayamba ndine, mokweza kuti ngakhale ogulitsa nsomba amve. "Adokotala, amayiwa mapazi akungotupirabe. Kodi zimenezi munaziphunziradi?"

"Mayi, mwana wanuyu sanalangidwe," anatero, n'kunyamula felemu kuwapatsa m'manja, iye osaiyang'ana n'komwe. "Onani nokha."

Amayi anaiyandikitsa kumaso. Chala chawo chinaima pabanga lija, kenako chinatsetsereka mpaka padzina. Anadzutsa mutu.

"Adokotala, pepalali ndi lanu?"

"Zaka zinayi ndikulivutikira, mayi."

"Ndi dzina lalembedwa apali?"

"Nanga lingakhale la ndani?"

"Ndiye kuti ine ndi inu ndife munthu mmodzi. Mbuzi zanu zinaswa?"

Mayi wa nandolo ndiye anayamba kuseka, osadziwanso chimene akuseka. Mnyamata wa kabaza anasuzumira n'kuwerengera onse mokweza, mpaka mawu a mbuzi aja. Adokotala anati wina wawachita chipongwe, yawo yeniyeni yabedwa. Ndinaitulutsa m'kope mwaulemu, ndi manja awiri, ndipo wa kabaza uja anaiwerenganso. Zimene amayi ananena pambuyo pake anazinena m'Chilomwe, ndipo sindingazilembe pano.

Khutu langa ndi limene linalipira. Analikoka kuchokera patebulo mpaka panjinga, mlandu wake wotsegula sutikesi yawo. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindikuona chopepesera.

M'mawa mwake anandiuza okha kuti ndipope matayala, tipite kuchipatala. Anamwino atawayeza anagwira pakamwa, kenako anawakalipira ngati mwana. Anati azitsamba odziwika bwino alipo, koma oterowo sauza wodwala kuti ataye mapilitsi. Amayi anangogwedeza mutu, maso ali pakhoma, pamene panapachikidwa pepala lina la m'felemu.

"Iwe," anandikodola ndi chigongono, "tawerenga ilo. Mokweza."

Ndinawerenga lonse, anamwino akundiyang'ana mwaukali. Munalibe mbuzi, munalibe mbaula. Amayi anatambasula dzanja n'kulandira mapilitsi.