Sitima Imene Inamira Pamtunda ku Jenda

Anthu a ku Jenda akanena kuti "tikumane pa Sitima", mlendo amayamba kucheukacheuka kufuna madzi. Madzi ake ati? Kuno n'kumtunda, fumbi, chimanga ndi fodya basi. Sitimayo ndi nyumba, ndipo anaimanga ndi Yoram Zgambo, kalipentala wamfupi, wanthabwala, koma wamakani osati masewera.

Yoram anachoka mu 1962 atangokwatira Elube, mwana wa kwa Mhango ku Embangweni, nati akupita ku Joni zaka ziwiri zokha. Kumigodi anamukana chifukwa cha chifuwa, ndiye anatsetsereka mpaka ku Debeni, komwe analembedwa ntchito ya matabwa m'sitima yonyamula azungu olemera, ongoyenda kuona dziko. Zaka ziwiri zija zinabereka zinzake mpaka khumi ndi chimodzi. Makalata anauma. Elube anadikira, mtima unatopa, nabwerera kwa bambo ake.

Mtchonayo atatulukira mu 1973, anabwera ndi bokosi la zipangizo ndi pakamwa posatseka. Ankakhala pakhonde la sitolo n'kumasimba za sitima yake. Akuti poyamba inali yonyamula nkhosa, mzungu wina wozungulira mutu n'kuigula, kuichapa, kuyala makapeti mpaka m'chimbudzi. Pamwamba anaikapo dziwe losambiramo. Tangoganizani, madzi pamwamba pa madzi! Machumuni anali awiri, koma mmodzi anali wabodza, wosatulutsa utsi, ndipo m'menemo munkagona agalu a madona, aliyense ndi bulangete lake.

"Utesi, ada! Bodza lenileni!" anthu ankatero, akugwira nthiti. Iye ankaseka nawo, koma usana wonse maso ali kunjira ya ku Embangweni. Chimene chinkamudya n'chakuti mkazi wake wakana kubwerera.

Anapitako ndi akuluakulu, chipewa m'manja. Elube anamvetsera zonse akutongola chimanga, kenaka anati: "AZgambo, nkhani sizifunditsa munthu. Mangani nyumba. Ikapirira dzinja limodzi, nanunso mukapirira, ndidzabwera. Apo ayi, musadzapondenso pano."

Yoram sankadziwa kumanga chinthu china koma sitima. Anaitanitsa matabwa a paini ku Chikangawa, namanga chinyumba chachitali chosongoka kutsogolo, mphuno yake italoza ku Kasungu. Mawindo anali ozungulira, kukula kwake ngati lichero. Tebulo ndi bedi anazikhomerera pansi ndi misomali kuti zisamayende, ngati kuti dothi la ku Jenda limachita mafunde. Pakhomo anaika thabwa lofika m'mawondo, loti ulowe chodumpha. Mpata uliwonse anatsekamo chingwe n'kumata phula, pansi ndi m'mbali momwe, moti ngakhale nyerere inkabwerera. Padenga anaimika machumuni awiri a migolo, wina wa kukhitchini, wina wabodza wongokometsera.

Anyamata a Yufi atabwera kudzaona makhadi a chipani, anazungulira nyumbayo kawiri. Mmodzi anafunsa ngati chinthuchi chili ndi chilolezo choyendera pamsewu. Yoram anawalowetsa, nawamwetsa tiyi patebulo losasunthika lija, ndipo anachoka akukangana okhaokha kuti kutsogolo n'kuti.

Mvula yoyamba inabwera masana a Lachinayi lina mu Disembala. Tsikulo Elube anali pa Jenda, akuti wabwera kudzagula mchere. Mchere wake uti, ngati ku Embangweni kulibe sitolo? Chimvula chitayamba, anathawira pakhonde loyang'anana ndi Sitima, naima pamenepo manja ali m'chiuno.

Tsono apa ndi pamene nzeru za m'nyanja zinam'gwetsa mkulu uja. Munthu wa m'sitima amaopa madzi ochokera pansi ndi m'mbali, ndipo kumeneko Yoram anatseka bwino zedi. Anangoiwala kuti ku Mzimba kuno madzi amachokera kumwamba. Chumuni wabodza uja analibe chivundikiro, ndipo denga lonse linkatsetserekera pomwepo. Madzi anakhuthukira m'nyumba ngati pampopi, osapeza potulukira. Posakhalitsa mphasa, nsapato ndi chipewa zinali kuyandama.

Elube anamva kukuwa, nadutsa msewu mvula ikum'menya. Anasuzumira pakhomo n'kupeza mwamuna wake madzi ali m'mawondo, akukapa ndi poto, akuponyera pawindo lozungulira, theka n'kumubwerera kumaso. Mayiyo anaseka mpaka kukhala pathabwa lija, misozi mbwembwembwe.

Yoram sanaseke. Anali ndi mantha enieni, poti nyumba yalephera mvula yoyamba, mwini chigamulo akuona ndi maso ake. "NyaMhango, ndapota," anatero. "Ndikonza. Mundipatse sabata imodzi."

"Sabata yachiyani? Tengani chobowolera chanu mubowole pansi apa, madzi atuluke."

"Kubowola? Mama, sitima sabowola! Zaka zonsezi ntchito yanga inali kutseka mabowo. Sitima yobowoka siyendanso."

Elube analeka kuseka. Anamuyang'ana, madzi akuchucha m'duku mwake. "Nanga mukufuna iyende ipite kuti, aZgambo? Ine ndikufuna yosayendayo."

Mawuwo anamulasa Yoram mumtima, ndipo manyazi anamugwira kuposa tsiku lililonse la moyo wake. Anaika poto pansi, natsegula bokosi, natulutsa chobowolera chachikulu kuposa zonse. Anagwada m'madzimo n'kuyamba kupotokola, akulira ngati mwana. Bowo litatseguka, madzi anathamangira kubwalo, nkhuku za aneba n'kubalalika.

"Linanso apo," anatero Elube, akuloza pakona. Anabowola. "Ndi apo." Anabowola mabowo asanu ndi awiri, mkazi akuloza, iye akumvera.

Dzinja sanalidikirenso kuti lithe. Loweruka lomwelo ngolo ya ng'ombe inafika kuchokera ku Embangweni, itanyamula mtondo, mbiya ziwiri ndi Elube atakhala pamwamba pa katundu. Anakhala m'Sitimamo zaka makumi awiri ndi mphambu, nabereka ana anayi. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, ngakhale popita pa Boma kukagula misomali, Yoram ankayamba watsanzika n'kunena ola lobwerera.