Liwu limene linandilowetsa m'komiti ku Umoja

Pamene tinkakhala ku Umoja, dera la mumzinda wina wa kunja kumene amalankhula Chiswahili, amuna anga akugwira ntchito m'tauni ine ndikuphunzitsa, kunamveka kuti nyumba za mdadada wathu zigumulidwa kuti pamangidwe zosanja. Zinali nyumba zimene zinamangidwira anthu wamba zaka za m'mbuyomo, zofanana zonse, zoyang'ana bwalo limodzi loyanikapo zovala. Ife tinkachita lendi, koma ana athu anakulira pabwalopo, ndipo sindinafune kusamuka.

Msonkhano wa anthu okhalamo unachitika Loweruka masana, m'Chiswahili. Achinyamata ankafuna zosanja chifukwa cha madzi a m'nyumba ndi mashopu apansi. Mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba anafunsa ngati matewera azidzawayanika pa mlongoti wa wailesi. Bambo wina wopuma pa ntchito ya njanji anati mawondo ake sanapanganepo ndi masitepe. Izi amuna anga anandimasulira pambuyo pake. Panthawiyo ndinkangotolako liwu limodzilimodzi.

Kenaka wapampando anafunsa funso, anthu n'kuwerama, ena akung'ung'udza kuti, "Tumechoka." Kwa ine zinamveka poyera: agonja, akuchoka. Ndinaimirira, n'kukonza mpango wanga, ndipo pofuna kunena kuti ine sindichoka, ndinanena mokweza kuti, "Mimi sichoki!"

Anthu anawomba m'manja, nthungululu zikulira. Amuna anga, amene Chiswahili ankachidziwa, anagwira pakamwa.

"Amayi, mwadziwa chimene mwavomera?" anandinong'oneza. "Kuchoka kwa kuno ndi kutopa. Akufuna munthu woti aziyendera nkhaniyi m'maofesi, ndiye inu mwati simutopa."

"Bwanji simunandigwire?"

"Inu mumagwirika?"

Mawu onenedwa pagulu ine sindibweza. Ndinayamba kukwera matatu, maminibasi a kumeneko, kupita m'tauni pamodzi ndi mayi wa masamba uja. Iye ankakalipa m'Chiswahili, ine ndikusalaza m'Chingerezi cha kukoleji. Pa mabenchi odikirira tinkagawana mandasi, iye akundiphunzitsa mawu, ena mwa iwo osayenera mphunzitsi, ndipo ankaseka mpaka misozi ndikawabwereza mwaulemu.

Zosanja zinamangidwa ndithu, kumapeto kwa mdadada, kumene eni nyumba anazifuna. Koma mzere wathu sunakhudzidwe, ndipo pa mapu atsopano bwalo linasiyidwa momwe linalili.

Tsiku limene tinabwera ndi yankholo, azimayi a mumzere wathu anatulutsa mbaula panja n'kuyamba kukazinga chapati. Wina anabweretsa wailesi. Ine, amene sindivina ngakhale pa ukwati wa m'bale wanga, ndinavina, nsapato zili m'manja.