Kabokosi Koyankha Gitala ya Ababa

Fungo la mtovu wosungunuka limandibwezera ku Cassacatiza, m'kachisakasa ka a Zuze okonza mawailesi, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Zambia. Fungolo linkasakanikirana ndi utsi wa magalimoto akuluakulu odikira kuwoloka malire, komanso la mbatata zootcha zimene amayi ena ankagulitsa chapafupi. Inali nyengo yachisanu, titakolola kale, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Panali patapita zaka zingapo chibwerereni ku Zambia kumene tinathawira nkhondo, koma mudzi wathu unali ukudzukabe pang'onopang'ono.

Chaka chimenecho tchalitchi chathu chinafoleredwa ndi malata, ndipo Misa yothokoza inali pafupi. A padiri anabweretsera kwaya katundu wogwirapo kale ntchito kuchokera ku Tete: gitala yamagetsi, chimkuzamawu, ndi kabokosi kakuda kukula kwake ngati njerwa. Kanali ndi zopondera ziwiri, timabatani, ndi kazenera kowonetsa manambala ofiira. Zonsezi zinafikira kwathu chifukwa ababa ndiwo ankaimba gitala m'kwayamo.

Tsiku loyamba tinalumikiza zonse pansi pa mtengo wa mango, chimkuzamawu chikudya moto wa batire ya galimoto. Ababa atangokhudza nsambo, panamveka chiphokoso ngati chigayo chameza mwala. Nkhuku zinabalalika, amayi n'kutuluka m'nyumba atagwira pamtima. Ababa anasuzumira pakazenera kaja koma maso awo sankaonanso tinthu ting'onoting'ono. Ine ndinkaona bwinobwino, ndipo zala zinkandiyabwa. Choncho Loweruka lotsatira anandikweza panjinga kupita kwa a Zuze, kabokosi kali m'chitenje pamsana panga, gitala ili chopingasa kutsogolo.

A Zuze anali munthu wochepa thupi, wa imvi, amene nkhondo isanakule ankaimba m'gulu la oimba ku Beira. Gitala ankaitchula viyola, batire ankati bateriya, ndipo ine ndinkaseka chamumtima chifukwa ku Zambia sitinkatero. Anakatembenuza kabokosiko, nakanunkhiza, kenako n'kundipatsa ine.

"Ababa akowa ali ndi makutu, iwe uli ndi maso," anatero. "Ndiphunzitsa iweyo. Koma usinthe chinthu chimodzi, umve, kenako usinthe china. Wosintha ziwiri nthawi imodzi sadziwa chimene chamuthandiza."

Tinkapita Loweruka lililonse. Ndinaphunzira kuti chingwe cha gitala chili ndi khomo lake lolowera, ndipo chopita ku chimkuzamawu chili ndi lake lotulukira. Ndinaphunzira kutsitsa manambala onse kaye mpaka gitala imveke yokha, ngati madzi a pachitsime. Kenako tinkathira zokometsera. Batani lina linkakhwimitsa mawu, lina n'kuwanjenjemeretsa ngati munthu wamva chisanu, lina n'kuwachititsa kumveka ngati tili m'phanga. Tikapeza mawu abwino ndinkadina batani lofiira mpaka nambala iphethire, ndiye kuti kasunga. Funso limene linkandisowetsa mtendere linali lakuti mawuwo amakhala pati m'kati muja. A Zuze anatsegula kunsi kuti ndione, koma ndinangopezamo kathabwa kobiriwira kokhala ndi tinjira tasiliva, ngati mudzi ukauyang'ana uli paphiri.

Loweruka lachinayi tinafika pa chimene a Zuze ankachitcha eko. Ababa akakhudza nsambo kamodzi, kabokosi kankabwereza mawuwo kangapo mpaka azilale. Ine ndinakondwa, ndikufuna kabwereze kakhumi. Koma ababa anaimitsa dzanja, nkhope yawo itasintha.

"Lusiya, kachepetse. Kayankhe kamodzi kokha," anandiuza. Ndinachepetsa. "Tsopano kachedweko pang'ono. Ayi, wapitirira. Bwerera. Mawu ake akhale apansi, asapose anga."

Tinatha nthawi yaitali pa nambala imodzi yomweyo, ine ndikukweza ndi kutsitsa, dzuwa likutentha malata a chisakasa. Kenako ababa anaimba nyimbo ya kwaya yonse osaima, ndipo zinamveka ngati magitala ndi awiri, ina ikutsogola, ina ikutsatira m'mbuyo mwaulemu. A Zuze anaika pansi chowotcherera chawo.

"Achimwene, ameneyu mukumufunayu ndani?" anafunsa.

"Mng'ono wanga Mateyu," ababa anayankha, maso ali pa nsambo. "Ankalowa mochedwa chonchi. Ndinkamukalipira masiku onse."

Bambo aang'ono a Mateyu tinawaika ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, ine ndili wamng'ono kwambiri. Sindinkawakumbukira nkhope, ndipo mawu a ababawo sindinawasunge nthawi imeneyo. Mtima wanga unali pa batani lofiira. Ndinalidina, nambala seveni n'kuphethira.

Tsiku la Misa yothokoza tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Munkanunkha laimu watsopano ndi mafuta odzola. Titangotsala pang'ono kuyamba, munthu wina anakola chingwe ndi phazi, kabokosi n'kuzima. Katayakanso, kanabwerera ku chiphokoso cha chigayo chija. Anthu anaseka, ena n'kutseka makutu. A Zuze kunalibe. Ababa anangondiyang'ana. Ndinagwada pasimenti yozizira n'kukankhira chingwe m'khomo lake mpaka chinagwira. Kenako ndinadina chopondera ndi chikhatho, kamodzikamodzi, ndikuwerenga manambala mpaka seveni.

Nyimbo yolowera inayamba, magitala awiri aja n'kudzaza pansi pa malata atsopano. Ndinakhala pambali pa miyendo ya ababa ndikudzimva wamkulu. Koma tili pakati pa ndime yachiwiri, mayi aang'ono a Rozina, akazi amasiye a bambo Mateyu, amene ankatsogolera mawu a amayi, anasiya kuimba. Anaphimba kumaso ndi mpango n'kutuluka pakhomo la m'mbali. Patapita kanthawi anabweranso, maso ali psuu, n'kuima pamalo pawo mpaka Misa kutha.

Ine ndinaganiza kuti ndalakwitsa penapake, mwina mawu akweza kwambiri n'kuwapweteka m'makutu. Titafika kunyumba ndinayatsa kabokosi n'kuyang'ana manambala onse kawiri, koma sindinapeze cholakwa, ndipo zinandinyansa kuti palibe amene anandifotokozera. Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo nanenso ndaikapo anthu anga. Ndikudziwa tsopano kuti manambala aja anali olondola kwambiri. Tinabwerera kwathu ndi mapoto, makasu ndi mbewu, koma manda sanyamulika. Ababa anapeza njira yawo yobweretsera m'bale wawo kumudzi, ndipo zala zimene anabwereka pa ntchitoyo zinali zanga.