Timadontho Titatu pa Chifuwa cha Bambo

Bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri m'mashedi a fodya ku Kanengo, pafupi ndi makina, ndipo chimene anatuluka nacho kumeneko ndi ugonthi. Khutu lakumanzere linafa kalekale. Lakumanja linkamva munthu akayandikira n'kukuwa. Koma iwo sankavomera. Mlendo akamalankhula ankangogwedeza mutu n'kumati, "Eya, eya, zoonadi," ndipo mlendoyo akangotuluka pageti ankandiitana n'kundifunsa kuti, "Amati chiyani ameneyu?"

Tinkakhala awiri m'nyumba yawo ku Area 25. Mayi anali atamwalira, mchimwene wanga ali ku Joni, ine nditabwerera pakhomo ukwati utandikanika. Bambo anali mkulu wa mpingo, wa aja osaseka ndi tchimo. Nkhani ya asing'anga ndiye sankafuna n'kuimva komwe. Anthu angapo anakhalapo pa chilango mumpingo chifukwa Bambo anawaona ndi mphini pamkono, ndipo Mayi akudwala, abale atanena zokayesa kwina, Bambo anawaloza njira ya kudepoti.

Matenda awo anayamba mwaulemu. Nyama inayamba kukana kutsika kummero, iwo n'kumati nyama ya masiku ano ndi yolimba. Kenako mbatata. Kenako mpunga. Pofika nthawi imene anavomera kupita kuchipatala n'kuti akukhalira phala ndi thobwa, kolala ya malaya ikuwazungulira khosi ngati ya mwini wake. Anatitumiza uku ndi uku, anawalowetsa kachingwe koonera kummero, anadulako kanyama kokayeza, ndipo tinadikira zotsatira mpaka ndinasiya kuwerenga masabata.

Zotsatira zisanatuluke, azakhali anga, mlongo wawo wa Bambo amene amakhala kumudzi ku Dowa, anandiimbira foni. "Kaya apeza chiyani kumeneko, achimwene usawauze zoopsa," anatero. "Munthu wamkulu ukamuuza dzina la matenda amafa ndi maganizo, matendawo asanamuphe. Ukawauza n'kuchitika kanthu, udzayankha ndiwe." Bambo aang'ono nawo anaimba n'kunena zomwezo. Mchimwene wanga analemba pafoni kuti tizimvera akuluakulu. Kulamula ali kutali n'kosavuta. Wokwera minibasi ndinali ine.

Tsiku la zotsatira, adokotala a kuchipatala cha khansa anachita mbali yawo. Anatembenuza mpando, anayang'ana Bambo kumaso, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti chotupa chili kummerocho ndi khansa, ndipo akufuna kuchiwotcha ndi makina. "Mwamva, bambo?" anafunsa.

"Eya, eya, zoonadi," anatero Bambo.

Ine ndinali pomwepo, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Ndikanatha kunena kuti munthuyu sanamve kanthu. Koma adokotalawo sindinawauze. Titatuluka panja anandifunsa funso lawo lija, ndipo ndinawerama n'kukuwira m'khutu kuti, "Akuti muli ndi kachilonda kummero! Akapoletsa ndi magetsi!" Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati tiyeni tikakwere.

Amene sanakhalepo woyang'anira wodwala amaganiza kuti chotopetsa ndi chisoni. Chotopetsa ndi benchi. Kudzuka m'mamawa kuphika phala, kulisefa, kulithira m'fulasiki. Kukwera minibasi ziwiri ndi munthu amene akunjenjemera miyendo, kondakitala akukuwa kuti tifinyane anayianayi. Kukafika n'kupeza mabenchi adzaza kale ndi anthu a ku Mchinji, a ku Ntcheu, ena a ku Mzimba amene agona m'khonde la achibale ku Kawale kapena ku Chinsapo. Amayi ofunda mipango pamitu yopanda tsitsi, abambo ogwira timabotolo tolavulira. Anamwino ankayenda mothamanga tsiku lonse, ndipo wina ndinamuona akudya chimanga chootcha ali chiimire, faelo ili kukhwapa. Benchi langa la kaunjika kumsika ndinalisiya m'manja mwa mnzanga, makasitomala anga n'kuzolowera kwina. Ndinkakwiya ndi aliyense, ngakhale ndi nkhuku za aneba.

Makina owotcherawo sangoyamba lero ndi lero. Amayamba ajambula kaye wodwala, kuti aone pamene chotupa chili, kenako akatswiri amakhala pansi masiku angapo kukonza m'mene moto wake udzalowere. Tsiku lojambula ine ndinatsala panja, pakuti mwana wamkazi saona bambo ake atavula malaya. Atamaliza, wojambulayo, bambo wamtali wolankhula mofatsa, anatuluka n'kundiitana. Anati walemba timizere takuda pachifuwa ndi m'nthiti mwa Bambo, ndipo timizereto ndi timene tidzawathandize kuwagoneka pamalo omwewo tsiku lililonse, kuti makina aziwotcha chotupa, osati mtima kapena mapapo. "Ndawauza, avomera," anatero. "Koma inunso muziwakumbutsa. Asakhulepo. Tikafufutika ndiye kuti tiyambiranso."

Tili m'njira ndinakuwa kuti, "Akuti posamba musamakhule pachifuwa!"

"Chifukwa?"

Kuti ndiyankhe bwino funso limenelo ndinayenera kutchula chotupa, ndipo kutchula chotupa kunali kutsegula chitseko chimene azakhali anatseka. "Ndi malamulo a kuchipatala basi!" ndinatero. Ndinali nditatopa, ndipo ndinaona ngati zakwana.

M'masabata awiri odikirawo pakhomo pathu panasanduka pamsika. Azakhali anabwera kuchokera ku Dowa ndi nkhuku yamoyo, munthu amene sanapondepo pakhomopo chimwalirire Mayi. Bambo aang'ono anabwera ndi thumba la mtedza, wodwalayo sangameze n'kamodzi komwe. Amayi a kumpingo ankabwera Lachinayi kudzaimba nyimbo zapansipansi. Onsewa akafika pa nkhani ya matenda ankanong'ona, kunong'onezana pamaso pa munthu wosamva, kenako n'kutembenuka n'kukuwa kuti, "Mupeza bwino, abambo!" Bambo ankakhala pampando wawo pakhonde, akuyang'ana milomo ya anthu. Madzi osamba ndinkawaikira kubafa m'mawa uliwonse, n'kubwerera kukhitchini. Zimene zinkachitika kuseri kwa chitseko chimenecho sizinali zoti ine n'kufunsa.

Tsiku loyamba kuwotcha tinafika molawirira, ine mtima uli m'malo koyamba pa miyezi yambiri. Bambo analowa. Sipanapite nthawi, wojambula uja anatuluka, nkhope itagwa.

"Mayi, timizere tija palibe. Pakhungu pachita kufiira ndi kukhula."

Anandifotokozera kuti sangawotche mongoganizira. Ayenera kujambulanso, akatswiri akonzenso, ndipo malo a Bambo pamakina alowapo wina amene ali pamzere. Tidikirenso. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Ndinawatulutsa Bambo mpaka pakhonde pamene panali mabenchi, ndipo ulemu wonse umene anandiphunzitsa unathawa. "Mwachitiranji zimenezi?" ndinakuwa. "Ndinakuuzani! Miyezi yonseyi ndikuvutika nanu, inu n'kukatenga chinkhupule! Mukufuna ndichite chiyani ine?"

Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuika chipewa pabondo. "Iwe," anatero, "ine ndasambitsa maliro angati mu Area 25 muja? Amuna amene adzandisambitse ine ndi omwe aja ndinkawadzudzula. Adzandivula malaya, adzapeza timizere takuda pachifuwa ndi m'nthiti. Adzati chiyani? Adzati mkulu uja ataona imfa anathamangira mphini. Pamaliro sadzanena, koma pobwerera kumanda adzanena."

"Ndani wakuuzani kuti mukufa?"

"Nkhuku ya azakhali ako," anatero. "Ndi manong'onong'o. 'Mupeza bwino' ndi mawu anga omwe, ndawanena kwa anthu ambiri ndikudziwa kuti sabata satha. Ndinaona kuti kuchipatala kuno alephera, ndipo mukungondiyendetsa kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndiye ndinati, ngati n'zongondisangalatsa, bola ndipite ndi thupi loyera."

Ndinakhala pansi pambali pawo. Ife tinkabisa dzina la matenda kuti asataye mtima, pamene iwo, poona kubisako, anali atadziika kale m'bokosi. Ndipo sanandiuze, pondimvera chisoni ine.

Chinsinsi cha munthu wosamva sichinenedwa monong'ona. Panalibe kochitira mwina. Ndinagwada pasimenti, pakati pa anthu onse aja, ndinayandikira khutu lakumanja, n'kukuwa mawu amene ndinawasenza ndekha miyezi iwiri. "Bambo, ndi khansa! Muli ndi khansa ya kummero! Adokotala anakuuzani, inu simunamve, ine ndinakunamizani! Timizere tija ndi tolozera makina pamene pali chotupa!"

Anthu onse pamabenchi anatembenukira kwa ife. Mayi wina wa mpango wobiriwira amene anakhala moyang'anana nafe anati, "Auzeni ndithu, mayi. Tonse pano ndi yomweyo."

Bambo anatembenuza chipewa chawo pabondo. Kenako anati, "Ndiye ili ndi dzina. Nanga amachiza?"

Ndinakaitana wojambula uja, ndipo ulendo uno ndinamuuza zoona, kuti Bambo samva ndipo "eya" wawo ndi waulemu chabe. Anapita nafe m'kachipinda, anaitana adokotala, ndipo iwo ankalankhula ine n'kumakuwa, chiganizo ndi chiganizo, osachotsapo kanthu. Adokotala sanalonjeze zakumwamba. Anati kuichotseratu mwina sizitheka, koma kuwotchako kungachepetse chotupa mpaka chakudya n'kumadutsanso.

"Ndingadyenso mbatata?" anafunsa Bambo.

Anati n'zotheka.

Pamenepo wojambulayo ananena kuti pali njira ina yoikira zizindikiro, yoti madzi sangafufute. Amadontheza inki pakhungu n'kubaya ndi kasingano, timadontho titatu tating'ono ngati njere za mpiru. Koma timeneto sitichoka mpaka kalekale. Ndinazengereza kukuwa zimenezo. Kubaya khungu n'kulowetsamo zakuda, kwathu kuli ndi dzina lake, ndipo Bambo analidziwa ndisanamalize.

"Ndiye mphini zenizeni tsopano," anatero. Anaseka pang'ono, kuseka kumene kunathera m'chifuwa. Anayang'ana chipewa chawo, anayang'ana ine. "Auze ateme."

Tinadikiranso masabata awiri, ndipo anali oipa kuposa onse. Phala losefa lomwe linayamba kubwerera. Ndinkawamwetsa ndi supuni yaing'ono, theka la kapu kutenga ola lathunthu, ndikudziwa kuti masabata amenewa ndinawagula ndine ndi bodza langa. Azakhali atamva kuti ndaulula anandinena pafoni kuti ndine mwana wopanda mwambo. Ndinayika foniyo pawindo n'kuwasiya akulankhula okha, ine n'kumatsuka mbale.

Lamlungu lina tisanayambe kuwotcha, Bambo anaitanitsa akulu a mpingo anzawo anayi. Anandiuza kuti ndituluke. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba, koma munthu wosamva salankhula motsitsa, choncho ndinamva zonse. "Taonani bwinobwino," ankatero. "Kamodzi apa, kena apa, kena apa. Andibaya a chipatala, ndi tolozera makina. Ndili ndi khansa. Tsiku lake likadzafika musadzadabwe, ndipo amene sadzakhalapo lero mukawauze."

Kenako inayamba ntchito yeniyeni, Lolemba mpaka Lachisanu, sabata ndi sabata. Minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, kudikira theka la tsiku chifukwa cha mphindi zochepa pamakina. Khungu la pachifuwa ankati likuwotcha, ndipo kummero kunayamba kwapweteka kusanayambe kutseguka. Koma tsopano ankandifunsa chilichonse, ndipo ndinkawauza chilichonse, mpaka mawu anga anasasa. Pabenchi anasanduka mlangizi. Wodwala watsopano akafika ndi achibale onong'ona, Bambo ankamufunsa mokweza kuti, "Akuuzani chimene mukudwala?" Achibalewo ankandiyang'ana ine ngati ndawatuma.

Mbatata anadya. Munali m'mawa wina, patapita mwezi chimalizireni kuwotcha. Ndinaiphika mpaka kufewa, iwo anainyema tizidutswa, n'kumatsitsira ndi tiyi. Anadya theka, n'kunena kuti mbatata za masiku ano sizitsekemera. Ndinapita kubafa kukalira, kenako ndinabwerako kudzachotsa mbale.

Anakhala nafe dzinja lonse lotsatira, akudya, akupita kutchalitchi, akukangana ndi wailesi imene sankaimva. Matenda anabwerera chimanga chitauma m'minda, ndipo ulendo umenewo sanachedwe.

Pa tsiku la maliro ndinali nditakhala ndi amayi m'nyumba, mutu uli zii ndi kutopa kwa chaka chathunthu. Amuna atamaliza kusambitsa thupi, mmodzi wa akulu anayi aja anandiitanira pakhomo. Anali bambo amene kale Bambo anawaikapo pa chilango. Anavula chipewa, anawerama, n'kunena motsitsa kuti, "Mayi, timadontho tija tinalipo, titatu, monga anatiuzira. Tawasambitsa bwino abambo athu."

Ananenanso zina, ndinaona milomo yawo ikuyenda, koma sindinamve liwu n'limodzi lomwe. Ndinangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, eya, zoonadi."