Botolo la amalume lochokera ku Joni

Lachiwiri lapitali anganga anga, amene anandilera chimwalirire mayi, anagwa pabwalo akupuntha nandolo kwathu kwa Mpama. Mayi woyandikana nawo nyumba ndiye anandiimbira foni ndili ku ntchito ku Limbe. Pomwe ndinkatsika minibasi pa Njuli n'kuti atawafikitsa kale kuchipatala. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lende.

Adokotala anawayeza kuthamanga kwa magazi. Anayang'ana makina aja kawiri, kenako n'kuyang'ana ine.

"Agogowa amamwa mankhwala awo a bipi?"

"Amamwa," ndinatero. "Saphonya tsiku lokalandira."

"Buku lawo lili kuti?"

Linali litatsala kunyumba, ndiye ndinakwera kabaza kukalitenga. Malo ake ndinkawadziwa: m'sutikesi yakale ya pansi pa bedi, momwe amasungamo yunifolomu ya kutchalitchi ndi chithunzi cha malemu mayi. Bukulo linalimodi, ndipo silinkanama. Mwezi ndi mwezi anesi anali atalembamo. Koma pansi pa bukulo panali kaphukusi ka nsalu yakutha. Nditamasula ndinapeza timatumba tinayi ta mapiritsi, tosatsegula, tosanjidwa bwinobwino ngati mbewu yodikira mvula.

Miyezi inayi. Nkhalamba kuyenda wapansi mpaka pa Njuli, kukhala pamzere, kulandira mankhwala ndi manja awiri, kubwerera, n'kukawatsekera m'sutikesi.

Chomwe ankamwa sichinali chobisika. Chinali pazenera, pambali pa Baibulo: botolo lalikulu loyera, lojambulidwa nsomba. M'kati mwake muli makapisozi achikasu, owala ngati madontho a uchi. Amawatcha omega 3. Anatumiza ndi amalume a Dayisoni, mwana wawo mmodzi yekhayo wotsala, amene ali ku Joni ndipo sanapondeko kumudzi zaka zisanu ndi ziwiri. Botololi linabwera pa basi mu Epulo pamodzi ndi bulangete. Amalume ataimba foni tsiku limenelo ine ndinalipo. Anati, "Amayi, awa ndi a mtima. Azungu kuno amamwa amenewa, n'chifukwa chake sakalamba msanga."

Nditabwerera kuchipatala ndinaika kaphukusi kaja pabedi.

"Anganga, awa bwanji simunkamwa?"

Lilime linali lolemera, koma anayankha ngati ndafunsa za chibwana. "Mankhwala a anthu awiri sakumana m'mimba imodzi, Esinala. Ukayamba a uyu, a winayo umayamba wawaika padera. Akakumana amamenyana."

"Nanga munkakalandiriranji?"

"Ndikanasiya, anesi aja akanadandaula. Mwana waulemu uja."

"Ndiye pa awiriwa munasankha a amalume."

"A kuchipatala amapatsa aliyense," anatero. "Awa anagulira ine."

Owerenga, mukadakhala inu mukadayankha chiyani? Ine ndinangowafunditsa chitenje kumapazi.

Palibe anawauza kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Amalume sananene zimenezo. Anganga anangotsata lamulo lomwe anakulira nalo, lomwe amadziwa aliyense amene anapitapo kwa sing'anga: ukalandira mankhwala a munthu umam'patsa ulemu, susakaniza ndi a wina. Amalume anakulira m'nyumba yomweyo. Lamuloli amalidziwa bwino lomwe. Kungoti munthu ukakhala kutali, mayi ako amasanduka nambala ya foni, ndipo umaiwala momwe amaganizira.

Adokotala atalitenga botolo lija, lomwe ndinabwera nalonso kuchokera kunyumba, sanalinyoze. Anati si poizoni. Ndi mafuta ofinyidwa kuchokera ku nsomba, ena amapanga kuchokera ku mbewu, ndipo thupi limawafunadi mafuta otere. Koma ndi chakudya chongowonjezera, si mankhwala a bipi, ndipo sangalowe m'malo mwa piritsi lija. Anati munthu amene ali pa mankhwala ena azibwera nalo botolo lotere kuchipatala aliwone asanayambe kumwa. Kenako anawonjeza, akulemba kalata yotitumiza ku chipatala cha ku boma, kuti mafuta amtundu womwewo amapezekanso mu usipa.

Usipa. Womwe uli mbwee pamsika pa Njuli, womwe timauchitira manyazi pakabwera alendo.

Mawu akuti si mankhwala ochiza matenda analembedwanso pabotolo pomwepo, kumbuyo, m'Chingerezi, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere. Anganga sukulu analekera pa kulemba dzina lawo. Zomwe anawerenga pabotolopo ndi nsomba yojambulidwa ija, ndi mawu a mwana wawo.

Lowani m'nyumba za okalamba m'midzi yathuyi muwone. Pazenera, pa kabati, pamutu pa bedi, mupezapo botolo. Lina lachokera ku Joni, lina ku Lilongwe, lina lagulidwa kwa bambo wa chimkuzamawu amene amalonjeza pamsika kuti kapisozi mmodzi amachiza bipi, shuga, nyamakazi ndi kuiwalaiwala. Wogulitsa uja sindimudabwa, akusaka yake ya sopo. Amene ndikulimbana nawo lero ndi ife ana ndi zidzukulu.

Tapeza njira yosamalira makolo popanda kuwaona. Tikamva kuti mayi akudandaula mutu, sitifunsa kuti kuchipatala anati chiyani, amamwa chiyani, amamwa nthawi yanji, amawakumbutsa ndani. Mafunso amenewo amadya nthawi, ndipo yankho lake likhoza kutikakamiza kukwera basi. Timalowa m'sitolo yowala, kusankha botolo lalikulu, kulijambula, kutumiza chithunzicho pa gulu la banja la pafoni, abale n'kuombera m'manja. Mtima pansi. Tasamala amayi.

Amati safunsa anadya phula. Koma pano wosafunsa ndi wina, wodya phula ndi wina.

Ndipo musaganize kuti ine ndikulemba manja ali oyera. Ndanena kale kuti tsiku lomwe botolo linafika ndinalipo. Ndinaliwerenga kumbuyo konse, mpaka tizilembo tating'ono tija. Ndinawamva amalume akuti "awa ndi a mtima." Ndinaona momwe anganga analipukutira ndi nsonga ya chitenje asanaliike pambali pa Baibulo. Kumudzi ndimapita mwezi uliwonse, ndipo mwezi uliwonse ndinkaona makapisozi akutsika m'botolomo. Sindinafunseko n'kamodzi komwe kuti timatumba ta kuchipatala tili kuti.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuona zonse osanena kanthu. Amalume a Dayisoni ndi amene anandiphunzitsa sekondale. Munthu amene anakuveka yunifolomu umamuuza bwanji kuti mphatso yake si mankhwala? Ndinaopa kuoneka wosayamika. Ndinaopa kumva mawu aja akuti sukulu yamulowa m'mutu. Ndinasunga ulemu, anganga n'kutaya dzanja.

Lachinayi masana ndinatuluka panja pa wodi n'kuwaimbira amalume. Ndinawafotokozera zonse, za kugwa, za sutikesi, za mawu a adokotala. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye kuti botolo limodzi linachepa mphamvu," anatero. "Kwabwera ena atsopano kuno, osakaniza a nsomba ndi a mbewu. Nditumiza awiri Loweruka."

"Amalume, musatumize. Mubwere."



"Iwe Esinala, wayamba liti kundilamula?"

"Lero."

Anapuma mwamphamvu. Atalankhulanso mawu anali atatsika. "Mapepala anga sali bwino, ukudziwa. Ndikatuluka kuno sindilowanso. Ndiye mudzadya chiyani kumeneko?"

Sankanama. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo n'zomwe zikundipweteka kwambiri. Amalume si munthu woipa. Amanyamula njerwa m'dziko la eni, amagona m'kachipinda ka malata, ndipo botolo lija anadzimana kuti aligule. Koma chikondi chomwe sichifunsa mafunso chimavulaza chimodzimodzi ndi kusasamala. Mphindi ziwiri zokha zikadakwana: "Amayi, a kuchipatala aja musasiye." Mawu asanu. Iwo sanawanene chifukwa anali kutali. Ine sindinawanene ndili pomwepo.

Inu amene muli ndi kholo kumudzi, musadikire foni ya woyandikana nawo nyumba. Mukapita, musangofunsa kuti mukumwa mankhwala, chifukwa adzati eya, ndipo sadzakhala akunama. Funsani kuti ati. Auzeni akuwonetseni. Tsegulani sutikesi ngakhale akunenani mwano.

Anganga anatuluka m'chipatala Lachisanu. Pakamwa pakuwongoka pang'onopang'ono. Za dzanja adokotala sanalonjeze kanthu, anangoti tizilichititsa mafizo, tione. Nandolo uja anamaliza kupuntha ndi anthu ena.

Dzulo m'mawa ndinawapatsa piritsi la kuchipatala ndi kapu ya madzi. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana pazenera.

"Samenyana?"

"Adokotala aliwona botololo, akuti samenyana. Koma loyamba ndi ili, tsiku lililonse."

Anameza. Kenako anatambasula dzanja lamanja n'kutenga botolo la mwana wawo. Chivundikiro chake n'chija chofuna kukanikiza uku ukupotokola, dzanja lina litagwira pansi. Analipana pakati pa mawondo, linaterereka. Anayesanso, linagwera pamphasa n'kugubuduzika mpaka pakhomo. Ndinalitola, ndinatsegula, ndinawaikira kapisozi mmodzi m'dzanja.

"Ukawauze amalume ako kuti ndikumwa," anatero. "Asadandaule."

Mawa ndikubwerera ku Limbe, tchuthi chomwe anandipatsa chatha. Mabotolo awiri aja ndamva kuti anyamuka kale.

Amalume, uthenga wanu ndi umenewo: akumwa, musadandaule. Koma botolo lanu limafuna manja awiri, ndipo amayi anu atsala ndi limodzi. Dzanja linalo mulitumiza pa basi iti?