Felista sanachotse njinga yake pamzere

Lachinayi lapitali ndinatsika minibasi pa Limbuli dzuwa litakwera ndithu, nditanyamula chikwama cha shuga, sopo ndi mankhwala a azakhali anga amene akuvutika ndi miyendo. Kwawoko galimoto sifika. Aliyense wopita kumeneko amakwera kabaza.

Mukudziwa mmene akabaza amachitira munthu akangotsika. Uyu wagwira chikwama, uyu akuliza belu, winayo akukuitana kuti azakhali ngati unabadwa bere limodzi ndi bambo ake. Koma tsiku limenelo palibe anandithamangira. Onse anali ataunjikana pansi pa mtengo wa mango pomwe amaimika njinga, ndipo panali phokoso.

Pakati pa gululo panaima mayi wina wamfupi, wojintcha, atavala thalauza mkati mwa chitenje. Anali atagwira njinga yokhala ndi khushoni yofiira pa kaliyala. Bambo wina wamtali, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi a Duwadi, wapampando wa akabaza a pa sitejipo, nawo anali atagwira njinga yomweyo n'kumaikokera kunja kwa mzere.

"Ndakhala ndikukuuzani kuyambira Lolemba," anatero a Duwadi. "Pano si pamsika wa tomato. Tengani njinga yanuyi mukaimike kwina."

"Lero woyamba pamzere ndine," mayiyo anayankha osakweza mawu. "Ndafika pano inu musanasukusule."

"Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, mayi!" anakuwa wina kumbuyo, anzake n'kufa nacho chikhakhali.

Mayi uja anatembenuka n'kumuyang'ana wokuwayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukaiona ng'ombeyo mukaiuze zimenezo, achimwene. Ine ndine Felista."

Tsopano ndiulule tchimo langa, chifukwa si bwino kuloza anzako chala uli ndi mwaye pamphuno. Mmodzi wa abambowo atandiona anakankhira njinga yake kwa ine. "Amayi, bwerani kuno. Mkazi angakutengeni inu ndi thupi lonseli? Mukagwera mumtsinje." Ndinaganizira chitunda chimene chili panjira yopita kwa azakhali, ndinaganizira kamlatho ka mitengo, ndinaganiziranso thupi langali, limene kunena zoona silinachepe. Ndipo ndinaponya mapazi awiri kulowera kwa bamboyo.

Ine amene! Ine amene ndaima kutsogolo kwa kalasi zaka zoposa makumi awiri ndikuuza atsikana kuti palibe ntchito imene inalembedwa dzina la mwamuna.

Felista sanandichonderere. Anangondifunsa kuti, "Amayi, mukupita kuti?" Nditatchula mudziwo anagwedeza mutu. "Ndikukudziwa kumeneko. Kwerani. Ndikakakugwetsani mudzandinene pompano, onsewa akumva."

Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Ndinakhala pa khushoni yofiira ija, chikwama pamiyendo. A Duwadi ataona kuti tsopano akukoka njinga yokhala ndi mayi wa imvi pamwamba, anaitaya.

Panjira ndi pomwe ndinamva nkhani yake. Felista ali ndi ana atatu. Bambo wa anawo anawoloka malire kukagula chimanga ku Mozambique zaka ziwiri zapitazo. "Mpaka pano akugulabe," anatero uku akuzemba dzenje. Iye ankathyola tiyi ku esiteti, koma chilimwe chikafika masamba amachepa ndipo ambiri amauzidwa kuti ayambe apuma. Mimba za ana zokha ndi zimene sizipuma. Anagulitsa mbuzi zake ziwiri, nagula njinga, napita kukalembetsa pa siteji monga achitira aliyense.

"Poyamba anandilandira ndi nthabwala," anatero. "Ankati mayiyu masiku awiri okha aleka yekha. Vuto linayamba pamene amayi opita kusikelo anayamba kufunsa kuti Felista ali kuti."

Ndinafunsa chifukwa chake amayiwo amafuna iyeyo.

"Simunakwerepo kabaza wa anyamata ena, amayi? Amagwira buleki mwadala kuti muwagunde kumsana, kenako n'kumati gwirani m'chiuno mwangamu. Ena njira yonse akukufunsa ngati abambo kunyumba akukwanitsa. Mayi wa pakati akufuna kumva zimenezo?"

Ndinakwerapo kabaza wotero, ndipo nthawi imeneyo ndinangoseka kaseko kouma n'kumapemphera kuti tifike msanga.

Titafika pachitunda chija ndinati nditsike tikankhe. "Khalani phee," anatero Felista. Anadzuka pa chishalo, nawerama, njinga n'kumalira tcheni, kukwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba. Phiri la Mulanje linali mbuu kumanja kwathu. Ine chimwemwe chitandigwira ndinaombera m'manja n'kunena mawu amene ndinkayesa kuti ndi oyamikira:

"Koma inu ndiye mumapalasa ngati mwamuna!"

Anaimitsa njinga, naponda pansi, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Mwamuna wake uti, amayi? Ine dengu la tiyi ndayamba kulibereka ndili mtsikana, m'mawa mpaka madzulo, mvula ikugwa. Palibe anandiuzapo kuti ndikuthyola ngati mwamuna."

Mawu amenewa andikhala pamtima mpaka lero.

Taganizirani nane. Mukadutsa ku Likhubula m'mawa mudzakumana ndi amayi akutsika m'phiri atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, wina mwana ali kumbuyo. Munamvapo munthu akuwaimitsa kuti mayi, katunduyu si wa akazi, mupweteka? Mayi akamatunga madzi maulendo asanu, akamasenza thumba la chimanga kupita kuchigayo, akamakumba mizere m'munda yekha chifukwa bambo ali kumowa, mphamvu zake palibe amazikayikira. Zimayamba kukayikiridwa tsiku limene wazitengera pamalo pamene amuna amadyera. Pamenepo ndi pomwe timakumbuka kuti mkazi ndi wofooka, ndipo timamumvera chisoni mpaka kumuthamangitsa.

Ndipo zambiri mwa zimene zimatipweteka amayife sizibwera ndi chibakera ayi. Zimabwera zitavala nthabwala, kapena ulemu.

Chaka chatha ndinapita kusitolo ina pa Chitakale kukagula malata a nyumba yanga, ndili ndi mmisiri amene ndinamulemba ntchito. Funso ndinkafunsa ndine, yankho linkapita kwa mmisiriyo. Pomaliza wogulitsayo anandiuza mokoma mtima kuti, "Mukawauze abambo kuti awa ndiye olimba." Abambo ake ati? Amuna anga anagona kumanda kalekale. Ndinangoti zikomo n'kutuluka.

Kumsonkhano wa komiti ya sukulu ndinaperekapo ganizo loti zimbudzi za atsikana zikhale ndi zitseko. Anthu anangoti zii, wapampando n'kupita pa mfundo ina. Patapita mphindi zochepa bambo wina ananena zomwezo, mawu omwewo, ndipo anamuombera m'manja. Ine anandipempha kuti ndikaone ngati tiyi wapsa. Ndinapita kukaona.

Mukuona chimene chikundiwawa? Paliponse pamene ndatchulapa, ine ndinakhala chete. Ndinkadziuza kuti ndi zazing'ono, kuti munthu wamkulu sakangana pagulu, kuti anganene kuti mayi uja ndi wolongolola. Ife tinakula nthawi imene mkazi kuvala thalauza unali mlandu. Lamulo limenelo linachotsedwa pamene zipani zinachuluka, koma mantha ake ambirife tinawasunga bwinobwino m'sutikesi pamodzi ndi nsalu za kutchalitchi. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndawerenga mabuku ambiri kuposa Felista, koma amene anatuluka kuuna ndi iyeyo.

Ena mwa inu abambo mukuti, mayiyu watiyambanso. Dikirani, nkhani sinathe.

Madzulo Felista anabwera kudzanditenga monga tinapanganirana. Titafika pa siteji anaimika njinga pamzere, nandithandiza kunyamula nthochi zimene azakhali anandipatsa mpaka pomwe pamaima minibasi. Minibasi inali isanabwere, choncho tinabwerera limodzi pamthunzi. Tinapeza tayala lakumbuyo la njinga yake lili phwa. Wina anali atamasula kachitsulo kotseka mpweya n'kukataya. Abambo onse anali kuyang'ana kumwamba ngati mango apsa mwezi wa Julayi.

Felista anangomasula mfundo ya pa chitenje chake, natulutsamo kachitsulo kena katsopano.

"Aka n'kachitatu sabata ino," anandiuza, koma mokweza kuti onse amve. "Ndinagula tambiri. Tiona amene ayambe kutopa."

Anagwada n'kukamangirira. Atayang'ana pampu yake, nayonso panalibe. Kenako bambo wina wachikulire, wa chipewa chong'ambika, amene sindinamuone akuseka m'mawa muja, anamasula pampu pa njinga yake n'kumupatsa.

"A Saimoni, mukutani?" anafunsa a Duwadi.

"Ndikubwereka mnzanga pampu," anayankha mkuluyo. "Inunso ndinakubwerekani dzulo."

Apa ndi pomwe pakamwa panga panatseguka, mochedwa ndi zaka zambiri. Ndinawafunsa a Duwadi ngati malamulo a siteji yawo amaletsa mkazi.

"Si nkhani ya malamulo, amayi. Ndi chikhalidwe chathu."

"Chikhalidwe chake chiti?" ndinatero. "Agogo athu pochokera ku Mozambique anabwera ndi kabaza? Ntchitoyi yayamba dzulodzuloli, tonse tikuona. Ndani anakhala pansi n'kuilemba kuti ndi ya amuna? Kapena chikhalidwe chimene mukunena ndi chophwetsa matayala a anzanu?"

Nditangomaliza, mayi wina wogulitsa zinanazi pafupi pomwepo anadzuka n'kumanga chitenje chake mwamphamvu.

"A Duwadi, tamverani. Amene timakupatsani katundu wopita naye kumidzi tsiku la msika ndife. Mukamuchotsa Felista pano, ife timutsatira komwe akaimike njingayo. Inu muzikanyamulana nokhanokha."

Amayi ena awiri anavomereza ali pa malonda awo. A Duwadi anakanda mutu, nati nkhaniyi akambirana pamsonkhano wa akabaza Loweruka.

"Ndidzabwera," anatero Felista uku akupopa tayala. "Ndipo ndidzalankhula ndekha. Musadzandisankhire wondilankhulira."

Atamaliza anabweza pampu ndi manja awiri, nalowetsa njinga yake pamzere pakati pa njinga za amuna, nakhala pa chishalo kudikira wokwera wina.

Sindikudziwa kuti msonkhanowo udzatha bwanji. Mwina adzamulola, mwina adzapeza kanjira kena komutopetsera. Chimene ndikudziwa n'chakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo Felista sanadikire bungwe lochokera ku Blantyre ndi malaya osindikizidwa mawu kuti lidzamuuze za ufulu wake. Koma chitseko chimenecho n'cholemera. Chinasuntha chifukwa mkulu mmodzi anatambasula dzanja, ndiponso amayi a pamsika anasiya kuonerera.

Abambo, ambiri mwa inu simunamasulepo kachitsulo ka njinga ya munthu. Ndikukhulupirira. Koma mumamudziwa amene amamasula, mumamwa naye tiyi, ndipo akachita mumayang'ana kumwamba. Amayi anzanga, ifenso tisadzinamize. Mawu akuti mkazi uja akudzimva, mkazi uja akufuna amuna a eni, kawirikawiri amatuluka pakamwa pathu pomwe, pamjigo ndi pamaliro. Ana athu aakazi amakhala ali pambali, akumva, akuphunzira pomwe ayenera kulekezera.

Ine ndatsimikiza mtima. Loweruka ndikwera minibasi ya m'mawa kupita ku Limbuli. Si wakabaza ine, mwina sakandilola kulankhula, koma ndikakhala poonekera. Ndipo kumsonkhano wa komiti ya sukulu ukubwerawu, wina akadzabwereza ganizo langa ngati lake, ndidzaimika dzanja n'kunena kuti zikomo pondivomereza. Tiyi adzakamuone wina.

Nanga inu? Nthawi yomaliza imene mkazi ananyozedwa inu muli pomwepo, mu minibasi, kuntchito kapena pakhonde panu, munatani?